Abwere ndi Mayi Ake

"Werenga mokweza," ndinatero ine, chala chili pa mapepala atatu amene ndinawayala pa kathebulo kodyera. "Unalemba ndiwe. Tiwerengere timve."

"Bambo, si mawu owerenga mokweza amenewo."

"Nanga ndi mawu otani?"

"Ndi a m'masewera basi. Aliyense amalemba choncho."

Dasom, mwana wathu wamkazi mmodzi yekhayo, anali atakhala chogwada, maso ali pa mbale ya mpunga imene sanaikhudze. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. M'mawa wa tsikulo ndinali nditamuperekeza kupolisi m'tauni yathu ya Gochang, kumene wofufuza milandu anatipatsa mapepalawo. Munali zonse zimene mwana wanga analemba masana ena mu Januwale, ali m'nyumba ya makompyuta ya pafupi ndi depoti, akusewera masewera ankhondo ndi anthu osawadziwa. Mmodzi wa anthuwo anakadandaula kuti anatukwanidwa pagulu.

"Bambo a Dasom, musiyeni adye kaye mwana," anatero mkazi wanga Sundeok. "Msuzi ukuzizira."

"Uzizire. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni phunziro la makhalidwe ku sekondale. Lero wapolisi wa msinkhu wa ophunzira anga wandifunsa ngati mwanayu ndi wanga ndithu."

"Inunso pakamwa panu si poyera kwenikweni," anatero Sundeok. "Mukamaonera besibo pa TV, woponya mpira uja mumamutcha chiyani? Si mutu wamwala?"

"Ndinatchulapo mayi ake?"

Sundeok anali asanawerenge mapepalawo, ndipo ine ndinali nditawakankhira kutali ndi iye dala.

"Ndifotokozere," ndinatembenukira kwa Dasom. "Popeza sukufuna kuwerenga, ndiphunzitse. 'Wokwera basi' ndi ndani?"

"Ndi munthu wosadziwa kusewera, amene anzake amangomunyamula mpaka kupambana."

"Nanga 'chilombo'?"

"Ndi yemweyo, akapitiriza kulakwitsa. Timakhala asanu mbali imodzi, Bambo. Mmodzi akagona, tonse tagonja, ndipo mulingo umene wauvutikira mwezi wonse umatsika. Munthu uja ankangoima pakati pa njira ngati mtengo. Anaphedwa kakhumi."

"Choncho unayenera kufika kwa makolo ake?"

"Mawu amenewo alibe tanthauzo kumeneko. Ali ngati kutsokomola. Ine ndemwe anthu amandilembera zoposa apo tsiku lililonse, makamaka akadziwa kuti ndine mkazi. Ukapanda kuluma, amakudya."

Ndiyenera kunena pano, kuti makolo anzanga amve, kuti ana athu anasanja chipongwe chawo m'masitepe ngati makwerero. Amayamba ndi manja a munthu, kenako nzeru zake, kenako amamuchotsa m'gulu la anthu n'kumuika m'gulu la tizilombo. Sitepe yomaliza ndi makolo, ndipo kutukwana kumeneko anakupatsa ndi dzina lomwe: amati pedurip. Chinthu chikafika popatsidwa dzina lachibwana, dziwani kuti manyazi ake anatha kale.

Ndinatenga pepala lachitatu. "Apa munthuyu analemba kuti: 'Ine ndine Maeng Chunsik, ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndimakhala ku Mokpo kufupi ndi msika wa nsomba. Mayi anga ndawaika m'manda sabata yatha. Chonde lekani.' Unaona mawu amenewa?"

"Ndinaona."

"Ndiye unapitirizabe?"

"Bambo, uwo ndi msampha wodziwika! Aliyense amaudziwa. Munthu amalemba dzina lake ndi kumene amakhala kuti chipongwecho chisanduke mlandu, kenako akuuze kuti umupatse kangachepe auchotse. Amawedza anthu choncho. Ndipo onse amanena kuti mayi awo angomwalira kumene. Atatu enawo ankaseka. Ndikanadziwa bwanji kuti uyu akunena zoona?"

"Sunadziwe. Koma sunadziwenso kuti akunama."



Kwathu nkhani sichedwa. Pasanathe masiku anayi, mkulu wa sukulu ya mkaka imene inalonjeza Dasom ntchito kuyambira mu Malichi anaimbira foni Sundeok. Analankhula mwaulemu, koma momveka. Anati sangapereke ana a zaka zinayi m'manja mwa munthu amene ali ndi mlandu wotukwana, makolo sangamumvetse. Mlanduwo ukatha mwezi wa Febuluwale usanathe, malo alipo. Ukapita kukhoti, aitana wina. Dasom anaidikira ntchito imeneyo zaka ziwiri, ndipo m'boma lathu, mmene ana akucheperachepera chaka ndi chaka, malo otere sapezeka kawiri.

Wofufuza uja anali atatiuza kuti mlandu wa mtundu umenewu umafa ngati wodandaulayo wauchotsa yekha. Choncho tsogolo la mwana wanga linali m'manja mwa munthu amene iye anamutcha chilombo.

"Tikonze envelopu," anatero Sundeok. "Si zimene amafuna anthu oterewa?"

Ndinalemba kalata yopepesa, ndi dzanja, masamba awiri, n'kuipereka kwa wofufuzayo pamodzi ndi nambala yanga ya foni. Patapita sabata, ndili m'chipinda cha aphunzitsi nthawi ya nkhomaliro, foni inalira.

"Ndinu aphunzitsi a Pyo? Ndine Maeng, wa ku Mokpo." Mawu ake anali osasa, a munthu wotopa.

Ndinaimirira, ngakhale sankandiona. "A Maeng, ndilibe nkhope yolankhulira nanu. Cholakwa ndi changa, ndinalephera kulera."

"Kalata yanu ndawerenga. Ndi yokongola. Koma si inu munandilembera tsiku lija."

"Chilichonse chimene mungatchule, banja lathu ndi lokonzeka."

"Ngati mukunena za ndalama, musabwere nazo. Ndidzakubwezerani pakhomo. Loweruka la sabata yamawa ndi tsiku la makumi anayi ndi chisanu ndi chinayi chimwalirireni mayi anga, tsiku lowatsanzika komaliza. Mwana wanuyo abwere adzawerenge zimene analemba, mokweza, pamaso pa chithunzi chawo. Zonse, osadumpha. Ndipo abwere ndi mayi ake."

"Mayi ake? A Maeng, mkazi wanga sanawerenge mapepalawo. Ndibwere ineyo m'malo mwake."

"Inu mukhoza kubwera ngati dalaivala, aphunzitsi. Ndanena kuti abwere ndi mayi ake."

Madzulo ake nditafotokoza, Dasom anaimirira ngati wapondedwa.

"Ayi! Bola andimange. Bola ntchitoyo ipite."

"Khala pansi."

"Ndi wankhanza munthu ameneyu, Bambo! Akufuna kundivula pamaso pa Amayi. Nanga atatu aja ankaseka ali kuti? Bwanji ine ndekha?"

"Iwo ankaseka. Iwe unkalemba."

"Kodi mwalembedwa chiyani m'mapepalamo?" anafunsa Sundeok, akupukuta manja pa epuloni. "Sabata ziwiri tsopano mukundibisira ngati ndine mwana. Bambo a Dasom, ndipatseni."

"Amayi, chonde musawerenge."

"Iwe, ndinakusintha matewera ine. Pali chonyansa chako chimene sindinachione?"

Ndinakatenga mapepalawo m'chikwama. Koma nditamupatsa, Sundeok anawayang'ana kunja kokha, n'kuwapinda pakati, n'kumubwezera Dasom.

"Ayi, sindiwerenga. Munthuyo wati ndikamve kuchokera pakamwa pako. Ndikamva kumeneko. Ukasite diresi lakuda lija."

"Amayi!"

"Ukapanda kupita, ndipita ndekha, ndikawerenge ndekha. Sankha."

Ine ndimadziwika kuti ndine wouma mtima m'nyumba mwathu, koma tsiku limenelo ndinaona kuti chitsulo chenicheni chili mwa mkazi wanga.

Loweruka tinanyamuka m'mawa, chipale chofewa chikadali m'mphepete mwa minda. Sundeok ananyamula bokosi la mapeyala ndi botolo la vinyo wampunga wokathira nsembe kwa womwalirayo. Tinafika ku Mokpo masana.

A Maeng ankakhala pansanjika yachiwiri ya nyumba yakale, pamwamba pa sitolo ya maukonde. Anatitsegulira okha, munthu wamfupi, wa imvi, atavala suti yakuda yomukulira. Ndinayembekezera kupeza nyumba yodzaza ndi abale, monga zimakhalira pa tsiku lotere, ndipo ndinali nditakonzekera maso awo. Munalibe aliyense.

"Mwambo tachita kale kukachisi m'mawa," anatero ataona ndikuyang'anayang'ana. "Alongo anga ndi ana awo ndawatumiza kukadya kumsika. Mwanayu sanabwere kudzaonetsedwa."

Chimenecho chinali chifundo choyamba, ndipo ndinachizindikira nthawi yomweyo.

M'chipinda chachikulu munali thebulo lalifupi, pali mpunga, msuzi, nsomba zowamba, zipatso zodulidwa pamwamba, ndi lubani akufuka. Kumbuyo kwake kunali chithunzi cha mayi wokalamba wa nkhope yotakata, akuseka ndi mano onse. Pakona panali bedi lachitsulo la odwala, lopanda zofunda, ndipo pambali pake penipeni panali kompyuta.

A Maeng anatikhazika pansi. Anayang'ana Dasom kwa nthawi.

"Ndiwe wake uja? Ndimaganiza kuti ndi kamnyamata ka ziphuphu. Unkasewera bwino, ndisaname. Ukanakhala wosatukwana tikanapambana."

Dasom anangoweramitsa mutu.

"Ukuiona kompyutayo? Mayi anga anagona pa bedi ilo zaka zisanu ndi chimodzi. Anaiwala dzina langa, ankanditcha dzina la mchimwene wawo. Sindikanatha kuchoka m'nyumba. Akagona masana, ndinkakhala apo ola limodzi n'kusewera, khutu limodzi lili kwa iwo. Ndinayamba masewerawa iwe usanabadwe, ndipo ndatukwanidwa chipongwe cha mtundu uliwonse. Wokwera basi, chilombo, madala opanda manja. Sindinkasamala. Ndinkati ndi ana, akuphwetsa mkwiyo."

Anakonza lubani amene anapendekeka.

"Tsiku lija nyumba inali zii. Ndinayatsa kuti ndimveko phokoso la anthu. Koma manja ankakana, chifukwa khutu linkangodikira kuti andiitana. N'chifukwa chake ndinkaima pakati pa njira. Sindinalembe dzina langa kuti ndikutchere msampha, mwana iwe. Ndinalemba kuti mwina wina mwa inu akumbuke kuti kuseri kuno kuli munthu. Eya, werenga."

Dasom anatambasula mapepalawo. Mayi ake anakhala kumanzere kwake, msana uli chilili, manja ali pamaondo.

Tsamba loyamba analiwerenga mothamanga, ndi mawu apansi.

"Kweza mawu," anatero a Maeng. "Ankamva movutikira."

Anakweza. "Wokwera basi iwe, tsika. Manja unawasiya kunyumba? Chilombo. Chilombo chenicheni, ukafufute masewerawa." Mawu amene pa galasi la kompyuta amathamanga n'kuzimiririka, m'chipinda muja ankagwa limodzilimodzi n'kukhala pomwepo. Palibe anaseka. Palibe anabwezera. Panali utsi wa lubani ndi nkhope ya mayi wosekayo.

Atafika pa tsamba lachitatu anaima.

"Sindingathe."

"Osadumpha," anatero a Maeng, mosakweza mawu.

"Chonde, bambo, ndapota nanu. Ndichita china chilichonse."

Ndinasuntha kuti ndilankhule, koma Sundeok anandigwira bondo osandiyang'ana.

"Werenga, Dasom," anatero. "Ndinakubala ndine. Ndimve."

Mwana wanga anawerenga. Sindidzalemba zonse pano, chifukwa pepala nalonso lili ndi ulemu wake. Ndilemba mzere womaliza wokha, umene anayankha munthu atamuuza kuti waika mayi ake m'manda: "Msampha wakale uwo, madala. Ukawapatse moni amako kumeneko, uwauze kuti anachita bwino kufa asanaone chilombo chimene anabala."

Mawu omalizawo anatuluka ngati akusanza minga. Kenako anagwetsa mapepala n'kulira kulira kumene sindinakumvepo chichokereni ali khanda. Sundeok sanamukhudze. Misozi inkatsika pa nkhope yake, koma manja anali pamaondo pomwe paja.

"Tsopano wamva tanthauzo lake," anatero a Maeng. "Dzuka, uwapatse moni bwino."

Dasom anathira vinyo m'kapu, anaizunguza pa utsi wa lubani, n'kuiika pa thebulo. Anagwada mpaka chipumi kugunda pansi, anadzuka, anagwadanso kachiwiri, monga timachitira kwa akufa. Ife tinachitanso chimodzimodzi pambuyo pake.

A Maeng anapumira m'mwamba, n'kuloza chithunzicho ndi chibwano.

"Musawaone kuseka apo. Mayi awa anagulitsa nsomba pamsika uwo zaka makumi anayi, ndipo pakamwa pawo panali poopsa kuposa pako, mwana iwe. Munthu akanenerera mtengo ankamuuza kuti, 'Maso akowo ndi a nsomba yadzana, choka apa usandiolere katundu!' Asodzi akuluakulu ankathawa. Koma ankatukwana munthu akumuona m'maso, ndipo sanatchulepo mayi wa munthu. Ankati aliyense wobwera pa benchi lawo anachita kubadwa, wina anamumvera ululu. Ndiponso amene amutukwana kwambiri ndi amene ankamuwonjezera nsomba m'jumbo."

Anatulutsa pepala m'thumba la jekete. Linali lochotsera mlandu, losainidwa kale, chidindo chake chofiira chili pamunsi. Tsiku lolembedwapo linali la dzulo lake.

"Munasaina tisanabwere?" ndinafunsa.

"Ndinasaina dzulo, podziwa kuti mwavomera. Akanalephera kumaliza, ndikanamupatsabe. Koma zimenezo sanayenere kudziwa." Analipereka kwa Dasom ndi manja awiri. "Ndamva kuti ukukaphunzitsa tiana. Tikamatukwanana, usamatimenye. Uzingotiuza kuti tibwereze pang'onopang'ono."

"Zikomo, bambo. Zikomo. Ndilibe mawu."

"Mawu uli nawo ambiri, ndawamva. Usandithokoze ine. Pali munthu apa amene wamva zonsezi ndipo sanatuluke. Mugwadire."

Dasom anatembenukira kwa mayi ake. Anaimirira, anaika dzanja pamwamba pa linzake, anatsika mpaka chipumi pansi, nakhala pomwepo mapewa akugwedezeka. Anadzuka maso atatupa, osaona bwino, mutu utasokonezeka ndi kulira, ndipo maondo ake anayamba kupindikanso kuti agwade kachiwiri.

A Maeng anadumpha ngati mnyamata n'kumugwira paphewa asanafike pansi.

"Kamodzi, mwana iwe! Kamodzi kokha. Kawiri n'kwa akufa. Mayi ako ali moyo."

Dasom anaima chomwecho, theka chogwada, akuyang'ana mayi ake ngati akuwaona koyamba. Pamenepo m'pamene Sundeok anatambasula manja.

Tinadya chakudya cha pa thebulo lija limodzi ndi a Maeng, monga mwa mwambo, ndipo iwo ankangomuwonjezera Dasom nsomba m'mbale mpaka anapempha kuti aleke.

Ndaphunzitsa za kulemekeza makolo kwa zaka zambiri, ndi mabuku, ndi mayeso, ndi chilango. Ndimachenjezabe, ndipo sindidzaleka: kholo limene silidziwa zimene zala za mwana wake zimalankhula, silimudziwa mwanayo. Koma phunziro limene linalowa mwa mwana wanga silinachokere kwa ine. Linachokera kwa munthu wolira maliro, amene anali ndi mphamvu yothyola tsogolo lake, nasankha kulibweza ndi manja awiri. Dasom anayamba ntchito mu Malichi. Chaka chilichonse, tsiku lokumbukira mayi a Maeng likayandikira, Sundeok amasankha mapeyala abwino koposa pamsika, ndipo amene amawanyamula pa basi kupita nawo ku Mokpo ndi Dasom.